Chitini cha moni

Tsiku lomwe tinkatsanzikana ndi thupi la a Mbewe mu holo ya mpingo ku Maddington, lisanauyambe ulendo wa ku Mchinji, mkamwini wawo Kondwani anaimirira kutsogolo n'kukweza dzanja lake lamanzere kuti aliyense alione. Dzanjalo lili ndi zala zitatu. Analisiya m'mwamba kwa kanthawi ndithu, kenako anati, "Abale, ine apongozi angawa ndinawakhululukira kalekale. Mulungu ndi mboni." Amayi kumbuyo anavomera amen. Wina anayambitsa nyimbo. Ine ndinali pampando wapulasitiki mzere wachitatu, nditaluma mano. Chaka chatha tsopano koma mkwiyo wa tsiku limenelo sunandichoke. Wina ndi wa Kondwani, wina ndi wa a Mbewe eni ake, ndipo wotsalawo ndadzisungira ndekha, chifukwa zoona ndinkazidziwa koma ndinangokhala duu.

Amalawi a ku Perth kuno amawakumbukira a Mbewe ndi zinthu zitatu. Amati anali omana. Amati anali amwano, osayankha moni. Ndipo amati chipolopolo chomwe anapanga ndi manja awo onjenjemera ndi chimene chinadula zala za mkamwini wawo. Zitatu zonsezi ndi nkhani imodzi, ndipo anthu anaigwira chakumchira.

A Mbewe anafika kuno kale, nthawi yomwe Amalawi onse a mzinda uno ankakwana m'galimoto imodzi. Anagwira ntchito yosula ndi kudula zitsulo m'fakitale ina ku Kenwick mpaka kupuma. Mayi a kunyumba atamwalira anatsala ndi mwana wawo mmodzi, Tadala, namwino wa ku Midland. Ine ndinawadziwira kutchalitchi nditangobwera kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Sanandifunse kwathu, sanandifunse mfunda. Anangosuzumira kunsi kwa galimoto yanga kuona ngati ingadutse m'matope, n'kundifunsa ngati Loweruka ndimakhala pa shifiti. Bondo lawo lakumanja linali litayamba kukana ulendo wautali. Umo ndi momwe ndinakhalira dalaivala wawo wowatengera kufamu ina kukasaka nkhumba zam'tchire, zaka zisanu ndi chimodzi.

Kuseri kwa nyumba yawo kunali shedi ya malata. M'katimo munali tebulo lachitsulo lomwe anawotcherera okha, ndipo pakona pake anamangapo makina opanira zipolopolo, okhala ndi mkono wautali ngati wa mjigo. Panali kasikelo koyezera wonga, zigoba zamkuwa zopanda kanthu m'mabigiri a ayisikilimu, ndi kabati yachitsulo yokhomeredwa pasimenti monga lamulo la kuno limafunira. Makiyi a kabatiyo ankakhala pachingwe m'khosi mwawo, kunsi kwa malaya, ngakhale patsiku la mgonero. M'kabatimo munkakhala mfuti yawo yaifupi, ya fote-fo maginamu, yokhala ndi chokokera kunsi chomwe umachitsitsa n'kuchibweza kuti chipolopolo china chilowe. Inali yosalala ndi thukuta la manja, yopanda chokongoletsa chilichonse.

Zipolopolo za m'sitolo sankazikhulupirira, ndipo pankhani imeneyi anakangana ndi anthu ambiri, azungu ndi akuda omwe. Ankati zambiri za fote-fo zomwe zimadzaza mashelefu anazipangira mfuti zam'manja zowombera mapepala kukalabu. Mutu wake ndi wopepuka, wobooka kutsogolo. Ukachiika mumfuti ya mpope wautaliko chimatuluka ndi liwiro loposa lomwe anachipangira, ndipo chikafika paphewa la nkhumba yaimuna, pomwe chikopa chimakhuthala ngati tayala, chimangomwazika osalowa. Nyama imathawa ndi chilonda n'kukafera m'tchire patapita masiku. Iwo anaziona kamodzi zimenezo, mzungu wina wa pafamu yoyandikana atalasa nkhumba ndi zipolopolo zoterozo. Anailondola kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, m'kutentha kwa Januwale, kuti akaimalize. Akamaifotokoza nkhaniyi ankalavula pansi. Kupha nyama sankakuona ngati tchimo, koma kuivulaza ankati ndi tchimo lomwe abusa amaliiwala paguwa.

Zawo zinali zolemera, za mtovu wolimba, mutu wake waphwatalala. Ndinawafunsa tsiku lina chifukwa chake sankafuna zosongoka, poti m'maganizo mwanga chosongoka ndiye chimalowa bwino. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Anatenga zipolopolo ziwiri n'kuzigoneka patebulo, china kumbuyo kwa chinzake. Mumfuti yotere, anati, zipolopolo zimafola m'kapaipi kunsi kwa mpope, mphuno ya chakumbuyo itagunda kumatako kwa chakutsogolo, pomwe pali kabatani koyatsa moto kaja amati pulaima. Ukaika zosongoka, mfuti ikangogwedezeka, chakumbuyo chimabaya chinzake ndipo zonse zimaphulikira m'manja mwako. Atatha kunena anazibweza m'bokosi mwake, n'kundiuza kuti ndizifunsa kaye ndisanaganize.

Popanga ankapanga chimodzichimodzi. Ena amathira wonga m'zigoba makumi asanu nthawi imodzi, koma iwo ankati mutu wawo umakwanitsa chimodzi basi. Ankayeza wonga pasikelo, kuthira m'chigoba, kusuzumiramo, kuikapo mtovu, kukoka mkono wa makina, kenako kutsina kukamwa kwa chigobacho kuti mtovu usasunthe. Patebulo sipankakhala mitundu iwiri ya wonga nthawi imodzi. Wailesi munalibe. Ine ankandilola kukhala pampando wapakona pokhapokha nditazimitsa foni n'kuiika panja pazenera. Bokosi lililonse likadzaza ankamatapo kapepala kolembedwa tsiku, mtundu wa wonga ndi kulemera kwa mtovu, m'malemba awo opendekeka a kusukulu ya mishoni.

Apa ndi pomwe panabwerera nkhani ya moni. Ife sitidutsa munthu wamkulu osamupatsa moni, ndipo wopatsidwa moni ayenera kuyankha, n'kufunsanso za ana ndi za kumudzi. Mlendo akafika kwa Tadala sankakhala pansi asanazungulire kuseri kukaona mdala. Ankaima pakhomo la shedi. "Odi kuno! Mwaswera bwanji, bambo?" A Mbewe osatembenuka. "Bambo, mwaswera?" Zii, kumangomveka mkono wa makina. Mlendo ankabwerera m'nyumba nkhope itagwa, ndipo pofika Lamlungu mpingo wonse unali utamva kuti mdala uja watha ulemu, uzungu wamulowa.

Koma panali anthu ena omwe ngakhale iwo sakanatha kuwanyalanyaza: abusa, mayi wachikulire wongofika kumene kuchokera kumudzi, munthu wobwera ndi uthenga wa maliro. Oterowo ankawaimirira, kuwapatsa dzanja, kufunsana zonse mpaka kumapeto. Akabwerera patebulo n'kumaliza chipolopolo chomwe chinali m'manja, nthawi zina mtima unkawafunsa ngati anathiradi wonga. Akangokayika pang'ono, chipolopolocho sichinkalowa m'bokosi. Chinkapita m'chitini chofiira cha mabisiketi chomwe chinkakhala pashelefu ya pansi m'kabati. Ankachitcha chitini cha moni. Ndinawauza kuti bwanji osangochigwedeza pakhutu kuti amve ngati muli wonga. Anati khutu lomwe lakhala m'fakitale zaka makumi atatu silimva ngakhale sitima ya ku Armadale. Ankati adzazimasula zonse tsiku la mvula, koma mvula ikagwa ankapeza china chochita.

Chifukwa chake anandiuza kamodzi kokha, tili m'galimoto. Ali mnyamata ku Mchinji, amalume awo anali ndi mfuti ya gogodela, ija yothira wonga chakukamwa. Tsiku lina akuthira wonga pakhonde, panadutsa mnansi wochokera kutsidya kwa dambo. Moni unatalika: ana, mvula, ng'ombe yomwe inasowa. Mnansi atapita, amalume aja anathiranso muyezo wachiwiri poganiza kuti anali asanathire. Madzulo ake mfuti inawaphulikira kumaso. A Mbewe ndi amene anawakankha panjinga mpaka kuchipatala cha mishoni, diso limodzi litapita, chibwano chitasweka. Kumudzi anati ndi ufiti. Iwo ankati ufiti wake unali moni.

Nanga bwanji sanawauze anthu zimenezi? Ndinawafunsa kangapo, ndipo apa ndi pomwe ankanditopetsa. Anali ouma mutu, munthu woti akaona kuti akulondola sankaonanso chifukwa chofotokozera wina. Akanangoimirira kutchalitchi n'kunena mawu awiri, kapena kukhoma kapepala pachitseko cha shedi, anthu akanamva. Koma ankati wofuna kudziwa afunse, ndipo palibe anafunsa.

Kufamu ankasanduka munthu wina. Mwini famuyo, mzungu wachikulire woweta nkhosa kuseri kwa mapiri, ankawaimbira nkhumba zam'tchire zikayamba kufukula msipu ndi kugwira tiana tankhosa. A Mbewe ankakana kuzitcha nkhumba, ankati ndi nguluwe, ngakhale ankadziwa kuti si mtundu umodzi. Tinkafika m'bandakucha n'kukhala m'mphepete mwa kamtsinje. Ndawaonapo akusiya nyama zitatu kudutsa chifukwa sinaime bwino ngakhale imodzi, ine mtima uli m'mwamba, ndikunong'oneza kuti awombe. Ikaima momwe ankafunira, mfuti inkalira kamodzi, basi. Zaka zisanu ndi chimodzi ndili nawo, sindinaone nyama yawo ikuthamanga kupitirira pomwe ungaponye mwala.

Ndipo nyamayo inkapita kuti? Ndikufunsa inu amene munkati ndi omana. Tinkaisenda, iwo n'kuyang'ana chiwindi ndi mapapo ngati ilibe matenda, kenako tinkazungulira Maddington, Midland mpaka Joondalup, khomo ndi khomo, mapepala apulasitiki ali m'manja. Palibe furiji ya Mmalawi kapena Mzambia wa mpingo wathu yomwe sinasungepo nyama ya a Mbewe. Munkalandira ndi manja awiri, kuthokoza mpaka kugwada, chitseko chikatsekeka n'kuyambanso kuwadya miseche, nyama yawo ili pamoto.

Kondwani anabwera kuchokera ku Lilongwe atakwatira Tadala, n'kulowa m'nyumba ya apongozi ake. A Mbewe anawasiyira chipinda chachikulu, iwo n'kusamukira kachipinda koyang'ana kushedi. Mnyamatayo anapeza ntchito yosamalira anthu olumala, ndipo kunena zoona ntchito ankaigwira. Vuto lake linali lofuna kuoneka. Mapepala ake okhalira kuno atalongosoka anathamangira laisensi ya mfuti, n'kugula ya mtundu womwewo wa apongozi ake, koma yatsopano, yonyezimira. Zithunzi zake zinazungulira pafoni mfutiyo isanalire n'kamodzi komwe.

Tsiku lina tinali ku Joondalup kwa a Tembo, Mzambia wa mpingo wathu, tikuwotcha nyama kuseri kwa nyumba. Kondwani anasankha nthawi yomwe amuna onse tinali pamodzi.

"Adadi, za m'shopu zija si mumati n'zachabechabe? Mungondigawirako kabokosi kamodzi ka zanuzo, wikendi ino ndili ndi pulani ndi anyamata."

"Akamwini, zimenezo sindipatsa munthu."

"Ngakhale ine, adadi?"

"Ngakhale inu. Ndinazipangira mfuti yanga, ndinaziyesa mumfuti yanga. Lamulonso silindilola."

A Tembo analowererapo akuseka. "Ah, ba Mbewe, ni mwana wanu uyu. Mupaseni chabe, nanga muzapita nazo kumanda?"

"Abwere kushedi Loweruka ndiwaphunzitse kupanga zawo," anatero a Mbewe. "Koma foni adzaisiye panja."

Kwathu kumana mkamwini pamaso pa anthu si nkhani yaing'ono, ndipo ndinaona makutu a Kondwani akutentha. Loweruka lake anabweradi kushedi, foni ili m'thumba. Inalira katatu, kachitatuko anayankha, ndipo a Mbewe anamutsegulira chitseko mwaulemu n'kumuuza kuti sukulu yatha. Sanabwererenso.

Patapita miyezi ingapo a Mbewe anagonekedwa kuti akonze bondo lija. Polowa kuopaleshoni anamwino anawauza kuti avule chingwe cha m'khosi. Anakana mpaka Tadala anachita kubwera kuchokera kuwodi yake kudzachilandira yekha. Anakhala m'chipatala masiku asanu. Tsiku lachitatu linali Loweruka, ndipo Kondwani anapita kufamu ina ndi anzake awiri. Anzakewo ndi amene anafotokoza pambuyo pake. Anawombera zitini kangapo, zonse bwinobwino. Kenako mfuti inangoti phu, kamawu kofooka ngati kutsegula botolo. Munthu wophunzitsidwa akamva kamawu kameneko amaima, chifukwa amadziwa kuti munalibe wonga, pulaima yokha ndi yomwe yakankha mtovu n'kuusiya utatsamira pakati pa mpope. Kondwani anaseka, anakoka chokokera, n'kuwombanso. Mpope unang'ambika pomwe panali dzanja lake lamanzere.

Lolemba ndine ndinakawatenga a Mbewe kuchipatala. Nkhani anali ataimva kale, koma onse tinkaganiza kuti ndi zipolopolo za m'sitolo kapena mfuti yolakwika kufakitale. Titafika kunyumba sanalowe m'chipinda. Analandira makiyi kwa Tadala, yemwe ankathamangira kukaona mwamuna wake, ndipo anayenda ndi ndodo ziwiri mpaka kushedi. Anatsegula kabati. Mabokosi olembedwa aja onse analipo, odzaza. Pashelefu ya pansi panali bwalo loyera pafumbi pomwe pankakhala chitini chofiira.

Anakhala pampando pang'onopang'ono, mwendo uli tambalale. "Filipo, tseka chitseko."

Ndinatseka.

"Anaona kuti chilibe kapepala," anatero. "Anaganiza kuti chimenecho sindiwerenga. Zinalimo makumi awiri ndi zitatu."

"Ndiye waba, bambo. Apolisi akabwera muwauze momwemo."

"Ndikawauza choncho, pepala lake la kupolisi lada. Ntchito ya olumala sagwira munthu wa pepala lakuda. Za unzika zathera pomwepo. Ndipo Tadala ali ndi pakati, sanayambe kuuza anthu."

"Nanga inuyo?"

"Ndidzawauza kuti ine ndinamupatsa. Ndisanapite kuchipatala ndinamupatsa, ndinasokoneza zitini."

Ndinakalipa tsiku limenelo kuposa momwe ndinakalipirapo munthu wamkulu chibadwire. Ndinawauza kuti akudzipaka matope omwe sadzachoka, kuti Kondwani si mwana, kuti munthu amene wawerengera chipolopolo chilichonse moyo wake wonse sangadzitche wosokoneza zitini. Anandisiya mpaka nditatopa. Kenako anati chitini chija anayenera kuchimasula zaka zapitazo, ndipo ulesi umenewo ndi wawo, osati wa mkamwini. Anati munthu akasunga chinthu choti chingaphe, n'kumadikira tsiku la mvula, asadabwe chikapeza dzanja la wina.

"Ndikadali ndi mpweya usatsegule pakamwa," anatero. "Wandimva?"

Ndinavomera. Mpaka lero ndimadzida chifukwa cha kuvomera kumeneko.

Apolisi anabwera awiri, aulemu wawo. A Mbewe anavala jekete la kutchalitchi n'kunena bodza lawo mosadodoma. Ine sindine loya, ndikungonena zomwe ndinaona: nkhani inapita kukhoti, laisensi yawo inalandidwa, ndipo kalata yomwe mwini famu uja analemba yowachitira umboni sinathandize kanthu. Tsiku lodzatenga mfuti anaipukuta kaye ndi kansalu ka mafuta, anatsitsa chokokera kuti aone okha kuti mulibe kanthu, n'kuipereka ndi manja awiri. Wonga ndi mabokosi onse zinapita tsiku lomwelo. Wapolisi wamkazi anawafunsa ngati ali bwino, iwo anati ali bwino.

Kondwani poyamba anali chete, ndipo ndinkaganiza kuti manyazi amugwira. Ndinkayembekeza kuti tsiku lina alowa m'shedi, agwada, anena mawu amodzi okha. Nyumba imodzi, bafa imodzi, zaka ziwiri zathunthu, koma mawuwo sanatuluke. M'malo mwake nkhani inayamba kukula. Choyamba ankati ndi ngozi. Kenako ankati mdala wakalamba, manja amanjenjemera. Pofika chaka chachiwiri ndinamumva ndi makutu angawa akuuza anyamata ongofika kumene kuti mwina apongozi anachita dala, chifukwa cha mkangano wa ku Joondalup uja. Ndikukhulupirira kuti pofika pamaliro anali atayamba kuikhulupirira yekha. Ndipo mpingo unailandira nkhaniyo mosavuta, poti inkagwirizana ndi zomwe unkafuna kale. Tinkanena ife, ankatero, munthu wosayankha moni ali ndi kanthu mumtima.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Mfuti itapita, a Mbewe anayamba kuyankha moni wa aliyense. Makina opanira aja anapatsa mwini famu, koma m'shedi ankakhalamobe, pampando womwewo, manja ali pamaondo. Mlendo akati odi, ankaimirira ndi ndodo yawo, kufunsa za ana, za shifiti, za mvula ya kumudzi, mpaka mlendoyo kutopa. Amayi a kutchalitchi anati Mulungu wawafewetsa mtima. Ine ndinkaona munthu yemwe analibenso choti asamale. Ndinkawatenga Loweruka kukangoyenda kumapiri, koma tikayandikira msewu wa kufamu ankati tibwerere. Mwini famu anaimba kawiri, kachitatu anapeza munthu wina. Mdzukulu wawo wamkazi atabadwa anamunyamula, anaseka, ndipo ndinaganiza kuti mwina apeza pogwira. Mtima unaima m'mawa wina mwezi wa Juni, Tadala ali kuntchito, ndipo anawapeza pampando wa m'shedi.

Lonjezo langa linatha tsiku lomwelo. Anati ndikadali ndi mpweya, ndipo mpweya unali utapita. Komabe mu holo muja, Kondwani atakweza dzanja, ndinayang'ana Tadala ali ndi mwana pamiyendo, maso atatupa, ndipo ndinadziuza kuti lero si tsiku lake. Mawa lakenso silinali tsiku lake. Ndazengereza chaka chonse, monga momwe iwo anazengerezera ndi chitini chija.

Sabata yatha Tadala anandiimbira kuti akukonza mapemphero okumbukira bambo ake, ndipo ndipite ndikathandize kunyamula mipando. Kondwani anali ku shifiti. Titamaliza ananditengera kuseri kwa nyumba, n'kuima pafupi ndi shedi osalowa.

"Achimwene, pulogalamu yatuluka. Bambo a mwana akuti adzalankhulanso."

Ndinayang'ana kuchitseko cha shedi.

"Makiyi aja ndinawaika m'chitini cha tiyi pamwamba pa furiji," anatero. "Lolemba lija ndinawapeza m'diroo ya masipuni. Zaka zitatu ndakhala ndikudziuza kuti mwina ndinaiwala ndine. Koma adadi ine ndikuwadziwa. Sanandilolepo ngakhale kugwira chigoba chopanda kanthu." Anandiyang'ana m'maso. "Anamupatsa?"

"Sanamupatse."

Ndinamuuza zonse, za moni, za amalume a ku Mchinji, za makumi awiri ndi zitatu, za pakati pomwe anali asanauze anthu. Sanalire. Anangogwira msomali wa pachitseko n'kumautembenuza. Ndinamufunsa kuti achita chiyani ndi mwamuna wake, anati zimenezo ndi za m'nyumba mwake, aziona yekha. Koma za bambo ake, anati, si za m'nyumba, chifukwa dzina lawo analidetsera pagulu. "Lembani," anatero. "Aliyense amene anadya nyama ija awerenge lisanafike Lamlungu."

Ndiye ndalemba. A Mbewe sanali mngelo. Anali aliuma, osachedwa kunyoza funso la munthu, ndipo ananama pamaso pa apolisi atavala jekete la kutchalitchi. Koma chipolopolo chomwe ankachikayikira sanachipatsepo munthu, ndipo amene akufuna kukhululukira wina Lamlungu likubwerali ayambe wafunsa kuti wolakwiridwa anali ndani.

Tadala atalowa m'nyumba ndinatsala ndekha pashedi. Tebulo lachitsulo lilipobe, poti n'lolemera ndipo palibe angalisunthe. Pakona pake pali mabowo atatu pomwe panali makina, ndipo pasimenti pali ena anayi pomwe panakhomeredwa kabati. Mabigiri a ayisikilimu aja tsopano muli mapegi a zovala ndi zidole zothyoka. Mpando wanga wapakona unapita, wawo ulipo, utayang'ana kukhoma. Pazenera pomwe ndinkasiya foni pali ukonde wa kangaude. Ndinapeza kuti foni ndaizimitsa kale ndisanafike pakhomo, osadziwa kuti ndaizimitsa liti. Ndinaima pomwe ankaima alendo onse aja, ndipo moni unafika pakamwa wokha, monga umafikira kwa aliyense wa ife. Ndinaumeza, n'kudikira panja mwakachetechete monga ankafunira.